Ndulu Yanga ndi Foni ya ku Mbenji

Ndinachoka ku Chipoka chaka chimene usipa unasowa, mathandala oyanikira ali mbee. Ndisanakwere basi ya ku Joni ndinakagwada kwa malume anga a Sayidi, eni mbumba, chifukwa kwathu nkhani yaikulu siyenda iwo asananene. Anandilola, n'kundikumbutsa kuti ndisamaiwale ya sopo.

Ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita pabanja lina. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma tsiku lopuma ndinkangobindikira m'kachipinda kanga, kumvetsera mobwerezabwereza mawu amene amayi ankajambula pafoni. Ndinkasungulumwa, osanama.

Patapita zaka, ululu unandigwira pansi pa nthiti zakumanja, thupi kutentha, kusanza osaleka. Kuchipatala anati kathumba ka ndulu katupa chifukwa cha timiyala. Ine ndulu ndinkadziwa ya chambo, ija timachotsa mosamala kuopa kuti ingaphulike n'kuwawitsa nsomba yonse. Dokotala anandifotokozera kuti n'kwabwino kukachotsa m'masiku oyambirira omwewo, kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta pamimba. Tikachedwa, zam'kati zimamatirirana ndipo ntchito imavuta.

"Ndifunse kaye malume," ndinatero.

Malumewo anali pachilumba cha Mbenji ndi asodzi anzawo, foni yawo osapezeka. Ndinaimba mpaka chala kuwawa. Masiku abwino aja anadutsa, ndipo adokotala anandipatsa mankhwala kuti ndikadikire kutupa kuphwe. Ndili kudikira matenda anabweranso, ntchito inandithera, ndipo pomaliza anachita kung'amba mimba. Chipsera chake chili ngati zipi ya chikwama.

Ndinabwerera kwathu nditaonda, chitenje chikuzungulira kawiri. Ndinapeza amayi ali gone pamphasa, atagwira malo omwe aja a pansi pa nthiti. Mng'ono wanga Amina anandinong'oneza kuti adokotala ku Salima anatchula ndulu, ndipo anati apite nawo ku Lilongwe msanga. Koma anali asananyamuke, ndipo ine anandibisira kuti ndisade nkhawa panjira.

Malume anali pakhonde, akusoka ukonde. Ndinagwada monga kale, n'kufunsa chimene ankadikira. Anayang'ana pansi.

"Timadikira inu, mayi. Chiyambireni kutidyetsa, nkhani zikuluzikulu timati anene ndi a ku Joni."

Ndinafuna kuseka koma misozi inatsogola. Ine ndinagona m'chipatala cha eni ake kudikira mawu awo, pomwe iwo anali atandisiyira kale udindowo osandiuza. Mkwiyo umene ndinausenza ulendo wonse unasowa poutula.

Ndinalowa m'nyumba n'kuonetsa amayi chipsera chija. Anachisisita ndi chala. Kenako ndinatuluka, ndipo ulendo uno sindinagwade.

"Ndiye ndanena, malume. Amina, kaimitse minibasi."