Jekete Lopitira Kukhoti

Bambo oyandikana nane nyumba ndinawaona koyamba tsiku limene ndinasamukira m'nyumba ino, maliro a amuna anga atangotha. Anali pakhonde pawo akusita jekete lakuda, lomwe mpaka lero sindinawaonepo atavala.

Bambowa anagwira ntchito yomasulira kukhoti zaka makumi atatu. Amalumbira kuti malamulo sakondera, ndipo ukawatsutsa amachita kukukalipira. Koma munthu wa mumsewu mwathu akaitanidwa pa mlandu, amamubwereka jeketelo, n'kumumeta, n'kumuphunzitsanso kaimidwe. Ine pamenepa mutu umandiima.

Mlongo wanga wogulitsa makala atamunamizira kuba njinga, ndinapita naye kwa iwo. Anayamba ndi kumuyang'ana zikhadabo.

"Achimwene, manja awa akumangitsani. Mukawakweche ndi mandimu, ndipo muziwabisa kumbuyo."

"Koma sanabe, bambo," ndinatero chapansipansi.

"Mayi, ndakufunsani zimenezo?"

Kukhoti anaima awiri, mlongo wanga atavala jekete lija ndi mnzake wa makala, amene anabwera ndi malaya ong'ambika paphewa. Mboni inali imodzi, ndipo inanena kuti onse awiri anaswera kumsika tsiku limene njingayo inabedwa. Mlongo wanga anamumasula. Mnzakeyo anamulamula kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi.

Pobweza jekete sindinathokoze. Ndinangofunsa ngati woweruza anamvadi zimene mboni ija inanena.

Bambowo anapisa m'matumba a jeketelo, kenako anati, "Anamva, mayi, malamulo salakwa. Mwalakwa ndinu. Mukanandiuza kuti alipo awiri, ndikanakabwereka lina kwa atelala."