Mwezi Umodzi Umene Unadya Munda wa a Fainess

Mundikhululukire inu owerenga chifukwa cholimba mtima kulemba. Ine sindine mlembi ayi. Dzina langa ndine Ephraim, ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kwa Kapichi, ndipo zimene ndinazolowera kulemba ndi zapabolodi, zofufutika belu likalira. Nkhaniyi ndailemba kanayi ndikuing'amba. Ngati pena ndaphonya, kulakwako ndi kwanga, osati kwa mwini nkhani. Mwini nkhaniyo ndi amayi anga aang'ono, a Fainess, ndipo anandilola okha. Anati, "Lemba, koma ulendo uno ulembe zonse."

A Fainess anabadwira kwa Nchilamwela, m'nyumba ya agogo a Lestina. Makolo a agogowo anachokera ku Mozambique wapansi, ndipo anapatsidwa kamunda kopanikizika pakati pa tiyi wa esiteti ndi kamtsinje, kosafika ndi ekala yomwe. Ana a agogo a Lestina analipo anayi. Oyamba ndi amalume a Lackson, amene anakakhala chikamwini kutali ndithu. Achiwiri ndi a Deborah, amayi anga, amene sukulu inawakonda nkukhala namwino pa chipatala cha mishoni. Otsiriza ndi a Teleza, amene anakwatiwa ku Bvumbwe nkuyamba kugulitsa zamasamba pamsewu. A Fainess, achitatuwo, anabereka dengu la tiyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mpaka lero malamba a dengulo anasiya mizere m'mapewa mwawo.

Amene sanathyolepo tiyi amaona ngati ndi ntchito yopepuka, poti masamba salemera. Akayese. Umalowa m'munda mame ali tho, tiyi akukufika m'chiuno, zala zikungosankha nsonga ndi masamba awiri anthete, kuponya kumsana, osaweramuka. Ukathyola okhwima kapitawo akubweza. Mvula ikagwa, kalaliki pasikelo achotsako makilo, ati wayeza madzi. A Fainess anapirira zonsezi zaka makumi awiri ndi zinayi, amuna awo anamwalira ali momwemo, ndipo pagulu lawo panalibe wa zala zofulumira ngati iwo.

Koma zaka zonsezo anali "wa sizoni". Amawalemba mu Disembala tiyi akaphuka, amawachotsa kumapeto kwa Meyi tiyi akagona. Ntchito ikatha, kiyi wa nyumba ya esiteti ya kumalaini nayenso amabwezedwa. Ndiye chaka ndi chaka, chiperoni chikayamba, ankamanga katundu pamutu kubwerera kwa amayi awo. Chinangwa, nandolo ndi mbatata za m'kamunda kaja, zimene ankabzala ndi kupalira Lamlungu lililonse, ndizo zinkawasunga kufikira mvula ina.

Abale awo sankaziona choncho. Ankati, "A Fainess ali ndi mtima wabwino, amatenga tchuthi kudzasamala amayi." Eni akewo sankatsutsa. Munthu ali ndi manyazi ake. Achibale ankawachezera mu Febuluwale basi, tiyi atachuluka, atanyamula shuga ndi chitenje chatsopano.

Agogo a Lestina anamwalira mu Malichi chaka chino. Patapita mwezi, amalume a Lackson, monga mwinimbumba, anaitanitsa onse pabwalo la nyumba ya malemuwo. Linali Lamlungu, poti Loweruka amayi anga amasunga Sabata.

"Mundawu ndi wa inu ana aakazi," anatero amalume. "Koma tikaugawa patatu, aliyense apeza poyanika mphasa basi. Ndiye atenge amene akuvutika kwambiri. Ndipo ine sindifuna zoti mawa muziti Lackson anakondera. Tili ndi mwana wophunzira pano. Ephraim, tenga cholembera, ulembe zimene aliyense amapeza pachaka."

A Deborah anakana okha. "Ine mundichotse, achimwene. Ndili ndi malipiro, penshoni ikubwera."

A Fainess anasangalala chamumtima. M'Baibulo mwawo ankasungamo pepala la malipiro la Febuluwale, mwezi umene anapitirira mgwazo, makilo oyenera kuthyola, tsiku lililonse, dzina lawo nkutchulidwa pamaso pa gulu lonse. Chikhalire palibe m'bale amene anawafunsapo za ntchito yawo. Lero afunsidwa. Analitulutsa pepalalo, kuliwongola pabondo, nkulipereka ndi manja awiri. Linali la K130,000.

Ine ndinachita zimene ndimaphunzitsa ana. Ndinachulukitsa ndi miyezi khumi ndi iwiri, ndinabwerezanso kuopa kulakwitsa, nkuwerenga yankho mokweza.

"Eee! Asisi, kani ndinu abwana mwakachetechete?" anaseka a Teleza. "Ife tizibwera kudzakutsukirani mbale."

"Nanga inu, a Teleza?" anafunsa amalume.

"Ine pepala ndilitenga kuti, achimwene? Lero wagulitsa, mawa tomato wawola. Tikungokhalira chisomo."

Pa dzina lawo ndinangojambula kamzere, poti panalibe nambala yoti ndilembe.

Apa mpamene a Fainess anazindikira kumene nkhani ikulowera. "Iyayi, dikirani. Umenewo ndi mwezi umodzi. Miyezi inayo..."

"Miyezi inayo mumakhala kwaulere," anadula a Teleza. "Kuesiteti moyo ngotchipa. Nyumba yaulere, madzi aulere, nkhuni mumangotola, masana amakudyetsani. Ife ku Bvumbwe ngakhale chimbudzi timalipira."

"Achimwene, ntchito imathatu mu Meyi."

"Mlongo wanga, zaka zonsezi sunadandaulepo, lero pa munda ndiye ntchito yatha?" anatero amalume. "Masamu sanama. Mwanayu wawerenga kawiri, tonse tikuona."

A Fainess anandiyang'ana ine, mwana wa mkulu wawo, amene anandibereka kumsana amayi ali ku kozi ya unamwino. Ine ndinali kalikiliki kulemba tsiku pamwamba pa pepala. Munda unapita kwa a Teleza.

Kumapeto kwa Meyi anabweza kiyi monga mwa nthawi zonse. Atafika kumudzi anapeza anthu atatu aganyu ali m'munda, akuzula chinangwa. Ati mayi a ku Bvumbwe akufuna kubzala kabichi chakumtsinje, ndipo chinangwacho galimoto ibwera kudzatenga. A Fainess anaima m'malire, katundu akadali pamutu. Phesi lililonse analibzala okha. Anakatula katundu m'nyumba ya malemu, nkukhala pakhonde kufikira galimotoyo itapita.

Juni ndi Julayi anakhalira maganyu: kuchapa, kutunga madzi kwa omanga nyumba, kusenda nandolo wa eni. Ndipo tsiku lililonse mawu aja ankawabwerera, akuti moyo ngotchipa. Kutchipa kwa ndani? Boma la Thyolo ndi limodzi, koma muli anthu okhala ngati a maiko osiyana. Bwana wa esiteti wa pamtunda paja, wa nyumba ya maluwa, ali momwemo. Namwino wolandira mwezi ndi mwezi, dzuwa kaya mvula, ali momwemo. Wogulitsa pamsewu amene ndalama yake siidziwika ndi munthu, ali momwemo. Ndiye wothyola tiyi, wolemera miyezi iwiri, wosauka khumi. Onsewa akalowa m'golosale, sopo mtengo wake ndi umodzi. Mchere sufunsa kuti uli pa sizoni kapena ayi. Anthu odutsa pagalimoto amaona mapiri obiriwira nkumati kuno njala kulibe. Tiyi amadyedwa? Mapeyala ndi chinangwa nzotchipadi, kwa amene ali ndi mtengo ndi munda. Wopanda munda amagula ngati wa ku Limbe.

Mu Ogasiti anakwera minibasi kupita ku Bvumbwe kuti akalankhule ndi mng'ono wawo. Anamupeza ali pakati pa mabenchi atatu: la kabichi, la tomato, la mbatatesi. Foni ili kukhutu, akukalipira dalaivala wina wochedwa ndi katundu. A Fainess anaima chapatali kanthawi ndithu. Magalimoto ankaima, anthu ankatsika, majumbo ankadzaza. Kachikwama ka m'chiuno mwa a Teleza kanali kosatsekeka zipi.

"Asisi! Mwabwera bwanji osaimba? Mwaondatu, tiyi wakukanani?"

"Teleza, ndabwera za munda. Undisiyireko chakumtunda, kumene sukubzalako. Ndiikeko chinangwa."

"Aaa, asisi, nkhani inatha ija? Kumtundako ndikufuna anyezi chaka chino. Komanso sindine ndinagamula, ndi pepala." Anawerama, natola makabichi awiri osweka. "Tengani awa, musalipire. Ngochokera kwathu komwe."

"Kwathu kuti?"

"Kumunda kuja."

A Fainess anawayang'ana makabichiwo. "Kamzere kako kaja kakulemeretsa bwino," anatero. "Udye wekha." Anatembenuka, a Teleza akukuwa m'mbuyo kuti asachite mwano pamaso pa makasitomala.

Sanapite kumudzi. Anatsikira kwa Kapichi, nkuyenda wapansi mpaka kusukulu. Anandipeza ndili ndekha m'chipinda cha aphunzitsi, ndikuchonga makope. Moni sanayankhe. Anamasula mfundo ya chitenje, nakhuthulira patebulo timapepala ta malipiro.

"Aphunzitsi, tandisanjirani awa, mwezi ndi mwezi."

Sanayambe anditchulapo aphunzitsi. Ndinasanja: Disembala, Januwale, Febuluwale, Malichi, Epulo, Meyi. La Disembala linali la masabata awiri okha. La Meyi silinafike ndi theka la Febuluwale.

"Pitirizani."

"Atha, amayi."

"Atha bwanji? Juni ali kuti? Funani bwino, mwina wagwera pansi pa tebulo. Julayi? Inu paja munawapeza onse khumi ndi awiri, munawerenga kawiri. Ndipatseni, ndikagule ufa."

Ndinayamba kufotokoza kuti ndinagwiritsa ntchito zimene ndinapatsidwa.

"Zimene unapatsidwa! Pakamwa unalibe? Kufunsa kokha kuti amayi, kodi miyezi yonse imakhala chonchi? Teleza unamulembera kamzere chifukwa alibe pepala, ine unandipachika ndi pepala langa lomwe. Iwe unakulira kumishoni, kumene mwezi ukatha ndalama imabwera yokha ngati belu la tchalitchi, ndiye ukuyesa dziko lonse limatero. Inenso ndinapusa, ndinafuna mundione kuti ndine munthu. Koma ine sindinapite kusukulu. Iwe unapitako kukatani?"

Anatolera timapepala tawo, nkusiya ka Meyi kokha. "Aka sunga. Uzikaphunzitsira ana ako."

Tsopano ndi Okutobala, anthu akuunga mizere. Sabata yatha a Fainess anatenga khasu mbandakucha nkulowa chakumtunda kwa munda uja, osapempha munthu. Aganyu a Teleza atawaletsa, anawauza kuti amene akufuna kuwachotsa abwere ndi machira. Afika kale mizere makumi atatu. A Teleza akadandaula kwa amalume, ndipo amalume aitanitsa msonkhano Lamlungu likudzali. Anditumizira uthenga kuti ndibwere ndi pepala lija, ndidzaliwerengenso, kuti nkhani ithe.

Amayi anga akuti ndingowerenga nkukhala pansi, za akuluakulu ndisalowerere, ndingachititse manyazi amalume. Moyo wanga wonse ndakhala womvera choncho, woopa kulakwitsa, ndipo nkuopa komweko ndinalanda munthu chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi. Lamlungu ndipita, pepalalo ndinyamula. Koma ndikaimirira ndikanena kuti masamu aja ndi abodza ndipo wabodzayo ndine. Ndikapempha a Fainess timapepala tawo tija nkuyala tonse tisanu ndi kamodzi pamphasa, ndikafunsa a Teleza pamaso pa onse kuti mabenchi atatu amabweretsa zingati pa sabata, ndipo sindikalemba kanthu kufikira atayankha. Amalume akakana kumva, khasu ndagula kale. Lolemba ndikaweruka kusukulu ndikayamba mzere wotsatira pamene a Fainess alekezera.