Diresi la Amayi Lalekeza M'maondo

Mwaswera bwanji nonse?

Diresi loti amayi avale pa ukwati wa Rozita wathu labwera lero, koma likulekeza m'maondo!

Osoka aja a ku Domwe anasiya kuyeza ndi tepi. Foni yawo ili ndi kamera yoyeza msinkhu ndi thupi lonse, munthu ungoima patsogolo pake. Tsono osokawo ndi amalume ake a mkwati. Tsiku loyeza, amayi sanathe kuima njo pamaso pa asewele awo. Anapinda maondo mwaulemu, manja pamodzi, kamera n'kuwayeza momwemo.

Taseka mpaka misozi, koma ukwati ndi Loweruka lomweli. Amayi akanitsitsa: "Kubweza diresi n'kunyoza asewele."

Ndiye titani, abale? Tilumikize kapulana m'munsimu, kapena akalowe m'tchalitchi atapinda maondo monga anayezedwera?