Munthu Wosuzumira M'mipanda

A Tokuji Hamasaki anabwerera pachilumba chathu atapuma ntchito yoyendetsa basi mumzinda wa Osaka. Anali munthu wamtali, wosakwatira, wosakonda kuseka, ndipo ambiri tinali titawaiwala nkhope. Ine ndimagulitsa nsomba zouma pafupi ndi doko, ndiye nkhani zonse za m'tauni muno zimafikira pakhomo panga.

Kwathu kuno timanyadira duwa la tsubaki. Analijambula pamabasi, pamakeke, ngakhale pagalimoto yotola zinyalala, ndipo nyengo yozizira ikafika timalichitira chikondwerero. Koma mitengo yake yeniyeni ili kuseri kwa mipanda ya simenti ya anthu, ina kuphiri komwe nsungwi zinali zitaimeza kalekale. Tsiku lina mlendo atatsika sitima anafunsa a Tokuji kuti maluwa otchukawo ali kuti. Anasowa pomulozera.

Basi kuyambira pamenepo anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ankayamba aima pampanda n'kusuzumira mkati, kenako n'kugogoda. Ena ankawapempha kuti agumuleko mpanda mtengo uzioneka kumsewu, ena ankangowapempha timphukira tokawokera.

Mayi Fusae, amasiye amene ali ndi mtengo wakale kuposa yonse, wa maluwa oyera a mizere yofiira, anabwera kudzagula nsomba nkhope ili gwaa.

"Mwawaona anzanu aja? Dzulo anali pampanda panga, khosi atalitalikitsa ngati tsekwe."

"Akuti akufuna maluwa azioneka, mayi," ndinatero.

"Maluwa? Pamsinkhu umenewo? Amene uja anamutuma ndi ogula malo a ku Osaka. Akuyendera kuti aone amene tatsala pang'ono kufa."

A Genzo ometa tsitsi, omwe ankadikira kuti ndiwakulungire zawo, anaseka. "Ayi mayi, akusaka mkazi. Taonani makomo amene amachedwapo, ndi a amasiye okhaokha. Konzekani!"

"Ukamete makasitomala ako uko," anatero Mayi Fusae.

Komabe ena anawapatsa timphukirato. A Tokuji anatiwokera m'migolo yakale ya nsomba, n'kundandalika migoloyo m'mbali mwa msewu wochokera kudoko. Umodzi anauika pakhomo panga. Akamabwera kudzathirira sankacheza, ankangoti, "Mwaswera bwanji?" n'kumapita. Kusalankhulako n'kumene kunkatidetsa nkhawa. Munthu wogwira ntchito yonseyi osapempha kanthu, tinkati pali chimene akubisa.

Mmawa wina Mayi Fusae anapeza nthambi yaikulu ya mtengo wawo itadulidwa ndi sowo. Sanafunse munthu. Analunjika kwa a Tokuji, anthu tikuwatsatira pambuyo.

"Bwezani nthambi yanga, bambo inu!"

A Tokuji anatsekula chitseko chonse. "Lowani, mayi. Fufuzani mpaka kubafa."

"Wakuba sasunga katundu pakhomo pake."

Wapolisi anabwera, anayang'ana paliponse, sanapeze kanthu. Ena anati anaona galimoto ya anthu ogulitsa mbande ochokera kutsidya kwa nyanja ikukwera sitima ya mmamawa. Ena ankanong'ona za mdzukulu wa Mayi Fusae yemwe. Mpaka lero palibe akudziwa. Koma makomo anatsekeka. Amene anali atalonjeza kugumula mipanda anasintha maganizo, ndipo migolo ingapo inapezeka itagubuduzidwa.

A Tokuji sanakadandaule kwa aliyense. Anadzutsa migoloyo, n'kusiya kugogoda m'makomo. Anagula chikwanje n'kuyamba kukwera phiri tsiku ndi tsiku, kukadula nsungwi zimene zinaphimba mitengo yakutchire. Apanso anthu sanasowe chonena.

"Kuphiri kuja akukumbako chiyani?" ankafunsa a Genzo. "Munthu sangatuluke thukuta lotere chifukwa cha duwa."

Patapita zaka zingapo, mbali ya phiri yoyang'ana kunyanja inayamba kufiira ndi maluwa nthawi ya chikondwerero, moti alendo ankayamba kujambula ali m'sitima momwemo. A Tokuji anaziona kamodzi kokha. Chaka chotsatira anagwa ali kuphiriko, ndipo anamwalira kuchipatala cha kutsidya.

Mlongo wawo anabwera kuchokera kumzinda wa Kobe kudzalongedza katundu. Madzulo, akudikira sitima, anakhala pabenchi la pakhomo panga n'kundifunsa ngati achimwene awo anali ndi anzawo kuno.

Ndinawauza kuti panalibe munthu m'tauni muno amene sankawadziwa.