Nsalu Yakuda ya Amayi

Telegalamu ya imfa ya atate inabwera kuchokera ku Joni chimanga chikumasula. Thupi sitinalione. Chimene amayi akanatha kuwachitira amuna awo chinali kuvala zakuda chaka chathunthu, ndipo azakhali anga, alongo a malemuwo, anali atayamba kale kunong'ona kuti mkazi ameneyu sakulira mokwanira.

Nsalu yakuda inalipo m'sitolo ku Nsipe, koma panjira anyamata a chipani ankafunsa khadi, ndipo amayi analibe. Choncho anatenga nsalu yoyera ya bafuta imene atate anabwera nayo ulendo wotsiriza, n'kuiphika m'mbiya ndi makungwa a mbawa. Inatuluka yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

"Ndiye zakudazo n'zimenezi?" ndinafunsa.

"Khungwa limangoyamba," anatero amayi. "Amamaliza ndi matope."

Tinatsikira kudambo, pamalo pamene madzi amaoneka a dzimbiri. Tinaipaka matope mbali zonse n'kuikwirira pomwepo. M'mawa mwake anandituma kukaifukula. Ine ndiye namwali wa sukulu ya ku Nzama, wodzimva ukhondo! Fungo lake linandinyansa, ndipo ndinaichapa ndi sopo, n'kuipikicha pamwala ndi mphamvu zanga zonse. Itauma inangoti mbuu. Misa ya atate inali itatsala masiku anayi.

Amayi sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mbama. Tinayambiranso. Khungwa, matope, kutsukuluza ndi madzi okha, mpaka katatu. Pomaliza anadzola timafuta ta nsatsi m'manja n'kuisisita, anaiyala pachipika, naimenya ndi mpini wa khasu mpaka inada bii n'kumanyezimira. Pakhomo la tchalitchi azakhali anaitsina ndi zala, nafunsa sitolo imene anaigula.

Nsalu yotere simachedwa kusuluka. Mwezi ndi mwezi amayi ankaibwezera kudambo, ndipo ine ndinkangoti akuopa pakamwa pa azakhali. Ndinali mwana m'maganizo, ndinkayesa kuti munthu amalira kuti anthu aone. Chaka chitakwana achibale anasonkhana, mowa unaphikidwa, nauza amayi kuti avule zakudazo, amasuka. Anavuladi, navala chitenje cha maluwa, akazi akululutira.

Patapita milungu itatu ndinatsikira kudambo kukathyola ndiwo. Ndinapeza amayi atagwada pamalo omwe aja ndi nsalu ija, matope mpaka m'zigongono.

"Amayi, paja munavula?"

"Ndinavula," anayankha osadzutsa mutu. "Koma yayamba kusuluka."