Mwendo wa Kilatchi

A Fackson Mulepa anakumana koyamba ndi a Blackson Namathanga m'chaka cha 1984, pa galaja ya esiteti ya tiyi, tsiku lomwe a Fackson ankayamba ntchito ya umakaniko. Anali atavala ovololo yatsopano youma ngati chikopa, satifiketi ya kusukulu ya ntchito zamanja ili m'thumba la pachifuwa. Asanagwire ngakhale sipanala, anamva wina akuwaitana panja. Anali bambo wamfupi wa mapewa otambalala, atakhala pa chiwongolero cha landirova yobiriwira ya bwana woyang'anira minda. Bamboyo anafunsa ngati iwowa ndiwo amisiri atsopano aja, ndipo a Fackson atavomera monyadira, anawauza kuti ndiye ayambe ndi kukankha.

Anakankha. Galimoto inatsetsereka pang'ono, inatsokomola kawiri, n'kulira. Bambo uja anasuzumira pawindo nanena kuti mayeso akhoza, mapepala ali m'thumbawo asunge adzakolezere moto nthawi ya chiperoni. Ubwenzi wawo unayambira pomwepo.

A Blackson anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti yomweyo. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Ruo wapansi, atasenza mphasa ndi mbewu ya nandolo. Iwo anayamba ndi kuthyola tiyi, dengu lili kumsana, kenaka anakwera pa thirakitala yotuta masamba kupita nawo ku fakitale, mpaka anapatsidwa landirova ija. Kuwerenga sankakudziwa kwenikweni, koma misewu ya m'minda anali nayo m'mutu ngati mayina a ana awo: pomwe dothi lofiira limaterera, pomwe nkhungu imabisa phompho, pomwe mlatho uli ndi thabwa lofumbwa. Pokwera chitunda ankailankhula galimotoyo m'Chilomwe, ati pamtunda Chichewa siimva.

Atapuma ntchito mu 2003, esiteti inali kugulitsa galimoto zakale, ndipo iwo anatenga ndalama zawo zopumira n'kugula landirova yomwe ija. Akazi awo, mayi Teleza, amene ankayembekeza malata, anatha sabata osawayankhula. Nyumba anamanga m'mbali mwa msewu wopita kwa Mphuka, pamwamba pa mtsetse, mwadala. Sitata yolizira galimotoyo ndi kiyi inafa kalekale, choncho inkagona itayang'ana kumunsi, mwala uli kutsogolo kwa tayala. Pamalo athyathyathya pankafunika anthu, ndipo lamulo la a Blackson linadziwika kuyambira ku Makwasa mpaka ku Thekerani: wokankha salipira. Amayi a madengu a nthochi, aphunzitsi, akuluampingo ovala majekete, onse ankayamba aika mapewa kumbuyo kwa galimotoyo, kenaka n'kuthamangira kukwera akuseka ndi kupuma wefuwefu. Munthu akadwala m'midzi ya m'zigwa, komwe minibasi sizifika, uthenga unkapita kwa a Blackson. Akamwalira, ndiwonso ankakatenga thupi. Analibe udindo uliwonse pamudzi kapena kutchalitchi. Chomwe anali nacho ndi chiwongolero chimenecho.

Mu 2016 anadwala matenda ofa ziwalo. Pakamwa panabwerera, dzanja linabwerera, koma mwendo wamanzere unatsala wolemera, wochita kukoka. Umenewo ndiwo mwendo wa kilatchi, ndipo kilatchi ya landirova imeneyo inali yolimba ngati kuponda chitsa. Galimoto inagona miyezi isanu ndi itatu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. A Fackson, amene nawonso anali atapuma n'kutsekula kagalaja kawo pafupi ndi msika wa Makwasa, ankabwera Lamulungu lililonse masana ndipo ankaona mnzawo akunyentchera. Sanali matenda amene ankawadya. Kunali kukhala pakhonde n'kumaona maliro akudutsa pa machira, anthu akuwapatsa moni wachisoni.

Nzeru inachokera kwa a Fackson. Ku Limbe anaona galimoto yochokera ku Japan imene inagubuduzika, bodi yonse yophwanyika koma injini ili bwinobwino. Inali ya makono, yopanda kabuleta: petulo amachita kupoperedwa ndi mainjekita, ndipo chilichonse chimalamulidwa ndi kabokosi ka kompyuta. Giyabokosi yake inali ya otomatiki, yosintha yokha magiya, yosafuna kilatchi. Anafotokozera mnzawoyo kuti akaika zimenezi mu landirova, mwendo umodzi wamanja ukwanira. Mwana wa a Blackson, Tisungane, amene ndi namwino ku Blantyre, anavomera kugula.

A Blackson anamvetsera nthawi yaitali akusisita bondo. Kenaka anati:

"Amisiri, ndavomera. Koma injini yanga musaitaye, ndi giyabokosi yomwe. Izi mukundiikirazi ndi zobwereka. Mwendo ukachira mudzandibwezere zanga."

A Fackson analonjeza. Anaseka n'kuwonjezera kuti adzaifunditsa bulangete kuti isagwidwe chimfine.

Ntchitoyo inatenga miyezi itatu, ndipo a Fackson sanagwirepo ntchito ina ndi mtima wonse ngati imeneyo. Miyendo yokhazikapo injini anaidula n'kuwotcherera ina. Shafuti yozunguza matayala anapita nayo ku Limbe kukaifupikitsa. Kuti giyabokosi yatsopano ilumikizane ndi bokosi logawa mphamvu ku matayala onse anayi, anajambula mbale yachitsulo pa katoni, n'kukaisemetsa kawiri chifukwa yoyamba mabowo anaphonya. Mawaya anali mtolo ngati mizu ya nsungwi, ndipo ankawatsata umodziumodzi, magalasi ali pamphuno. Atatsala pang'ono kumaliza anazindikira kuti pampu yakale ya petulo singakwanitse kukankhira mafuta ku mainjekita. Pankafunika ina yamphamvu, yolowa m'thanki, ndipo ndalama za Tisungane zinali zitatha. Kupemphanso anachita manyazi, poti anali atanena motsimikiza kuti zikwanira.

Sabata yomweyo kunabwera lole ya ogula zitsulo zakutha, sikelo yawo ikulendewera kumbuyo. Injini yakale inali pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa galaja, itafundidwa lona. A Fackson anaizungulira kangapo. Anadziuza kuti iwo aona anthu ambiri a matenda amenewa, ndipo mwendo wa munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri subwerera. Anadziuzanso kuti akuchitira mnzawo yemweyo. Amuna anayi anaikweza pa lole pamodzi ndi giyabokosi, ndipo pofika madzulo pansi pa mtengo panangotsala banga lakuda la oyilo. Ndalamazo anagulira pampu ija. Chopondera cha kilatchi chokha ndicho chinatsala pa benchi, ndipo tsiku lopereka galimoto anachipatsa a Blackson mwanthabwala, ati chikhale chikumbutso.

Galimoto inalira ndi kiyi, kungopotoza kamodzi kokha. A Blackson anatchera khutu nanena kuti imeneyi sikulira, ikunong'ona ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Komabe anakwera, ndipo a Fackson anaona misozi m'maso mwawo pomwe matayala anayamba kugudubuzika. Kwa chaka ndi theka anayendanso misewu yawo. Phazi lamanzere linkafufuzabe pansi pa ngodya iliyonse, osapeza kanthu. Pa mitsetse ankadandaula kuti galimotoyo siidzigwira yokha monga kale, imangodalira mabuleki. China chomwe sanachiyembekezere n'chakuti okwera anachepa. Anthu anazolowera kulipira ndi mapewa, ndipo tsopano popeza panalibe chokankha, ankachita manyazi kuimitsa galimoto opanda kanthu m'manja. A Blackson ankachita kuima okha n'kuwakakamiza.

Tsoka silinunkha. Mu February 2019 anapita ku chipatala kukatenga thupi la mayi wina wa m'mudzi wa kuseri kwa Mphuka. Mvula inali itagwa masiku atatu. Pa kamtsinje pomwe kale ankawoloka madzi akufika m'zitseko, analowa monga mwa masiku onse. Sankadziwa kuti kabokosi ka kompyuta kali pansi, pafupi ndi mapazi a wokwera, pomwe a Fackson anakamangirira chifukwa mawaya anali aafupi. Atangotuluka kutsidya, injini inazima. Kiyi sanathandize.

Anamfedwa sanadandaule. Amuna anatsika, anavula nsapato, n'kuika mapewa kumbuyo monga ankachitira zaka zonsezo, amayi akupitiriza nyimbo m'galimotomo. Anaikankhira pa kamtsetse, inathamanga, koma sinatsokomole n'komwe. Anaibweza n'kuyesanso, mpaka kanayi, matope ali m'mawondo. A Blackson anali atauzidwa kuti otomatiki siilira ndi kukankha, koma pa ola limenelo anangoti mwina. Nyimbo inaleka. Mkulu wina anati galimotoyi yaphunzira Chizungu, Chilomwe yaiwala, ndipo palibe anaseka. Anatsitsa bokosi, analisenza pamapewa, n'kuyamba kukwera phiri. A Blackson sakanatha kuwatsatira ndi mwendo wawo. Anakhala pa chiwongolero mpaka thirakitala inabwera kudzawakoka.

A Fackson anaitanitsa katswiri wa ku Blantyre ndi makina ake oyezera. Iye anati kabokosi kapsa. Kena kanapezeka patapita miyezi, koma sikanagwirizane ndi injiniyo. Landirova inabwerera pamalo pake pamwamba pa mtsetse.

A Blackson sanadzudzule mnzawo ngakhale ndi liwu limodzi. Anangoti zobwereka zija zatha ntchito, tsopano abwezeretse injini yawo, imene madzi inkawamwa ngati thobwa. Pamenepo ndi pomwe a Fackson akanaulula. Koma anayang'ana nkhope ya mnzawoyo, imene inali isanachire ku manyazi a pa kamtsinje paja, ndipo anamva pakamwa pawo pakunena zina. Anati injini ili bwino, ili pansi pa lona, koma kuibwezeretsa n'kutaya nthawi ngati mwendo sungathe kuponda kilatchi. Ankaganiza kuti nkhani ithera pomwepo.

Atabweranso patatha milungu iwiri anapeza chinthu chachilendo pakhonde. A Blackson anali atakhomera chopondera cha kilatchi chija pa thabwa la bulugamu, n'kuchikoka ndi sipuling'i ya mpando wa lole, thabwalo atalimangirira ku nsanamira. Ankakhala pa mpando wa ndalema, n'kunyamula mwendo wodwala ndi manja awiri, kuuika pa choponderacho, n'kukankha. Tsiku limenelo chinatsika theka, kawiri. Mayi Teleza anati akumachita zimenezi m'mawa ndi madzulo, ndipo chakudya ayambanso kudya bwino.

Zinapitirira zaka zitatu. A Fackson anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Mwakachetechete anayendayenda kwa ogulitsa zitsulo ku Ndirande ndi ku Limbe kufunafuna injini ya mtundu womwewo, koma zomwe anapeza zinali zong'ambika kapena zadzimbiri mpaka m'kati. Ngakhale akanaipeza, ankadziwa kuti a Blackson akanaizindikira isanamalize kulira koyamba. Ulendo uliwonse ankanyamuka kwawo atatsimikiza kuti lero akanena, ndipo ulendo uliwonse ankapeza chiwerengero chakwera: khumi, makumi awiri, makumi atatu. Ankaona kuti bodza lawo ndilo likuimiritsa munthuyo, ndipo sankadziwa ngati kulichotsa kukanakhala chilungamo kapena nkhanza. Mwina, monga amanenera okha masiku ano, kumeneko kunali kungodzikhululukira.

A Blackson anamwalira mu February 2023, ali m'tulo. Miyezi itatu izi zisanachitike, mvula yoyamba itangogwa ndipo tiyi ataphuka masamba anthete m'mapiri monse, anatumiza uthenga kuti amisiri abwere msanga. A Fackson anawapeza atavala malaya oyera ndi nsapato zawo zakale zoyendetsera galimoto, zopakidwa polishi. Sanalole ngakhale kuti alonjerane mokwanira. Anakweza mwendo uja wokha, osaugwira ndi manja, n'kuyamba kuponda, akuwerenga mokweza. Sipuling'i inkalira, thukuta likutsika m'khosi. Pa makumi anayi mawu anayamba kunjenjemera. Anafika makumi asanu, chopondera chikugunda thabwa ulendo uliwonse, n'kutsamira kumbuyo akupuma movutika.

"Mwaona, amisiri? Kapena ndibwerezenso, poti maso anu ndi a magalasi?"

"Ndaona, akulu."

"Ndiye liti?"

A Fackson anayang'ana ku msewu, komwe madzi ofiira ankatsika m'ngalande.

"Mvula ikatha," anatero. "Panopa pansi pa mtengo paja pali matope."

A Blackson anavomera kuti n'zoona, injini siikwezedwa pa matope. Kenaka anafunsa ngati amaizunguza ndi dzanja mwezi ndi mwezi kuti isagwirane m'kati, ndipo a Fackson anati amatero. Anafunsa ngati amathira timadontho ta oyilo m'mabowo a mapulagi, ndipo anati amathira. Apo a Blackson anaitana mayi Teleza kuti abweretse chija chili pansi pa bedi. Linali botolo la oyilo watsopano, losatsekula, lokulungidwa m'nyuzipepala. Anati zaka zonsezi amisiri akhala akuwononga oyilo wawo pa injini ya eni, ndipo si bwino.

A Fackson analandira ndi manja awiri. Atatsanzika, wa kabaza anaima pamsewu n'kuwafunsa ngati akupita ku Makwasa. Iwo anapukusa mutu, nayamba kutsika mtsetsewo wapansi, botolo lili m'khwapa.