Khoma la Che Zubairi

Yunike NyaKondowe wa ku Vinthukutu anayamba kudetsa makoma asanadziwe n'komwe kumanga chitenje. Amayi ake akazira nyumba n'kupita kumunda, pobwera ankapeza khoma lonse lili maluwa okhaokha, ena a katondo, ena a makala osinja, ena a phulusa. Anamukwapula, anamukwapulanso, kenaka anatopa n'kumusiya. Pomwe ankakwatiwa n'kuti mudzi wonse utavomereza kuti Khirisimasi ikayandikira, nyumba yosadutsa m'manja mwa Yunike ndi ya anthu osadzikonda.

Bulashi analibe. Ankagwira ntchito ndi chala, kansanza ndi chitsononkho cha chimanga, ndipo mizere yake inkawongoka ngati wachita kuyeza ndi chingwe. Koma dothi ndi dothi, abale. Mvula ya Januwale ikawomba cham'mbali, maluwa aja ankasungunuka n'kukathera m'munsi mwa khonde. Chaka ndi chaka zomwezo. Anzake ankati ndi mmene zimakhalira, chaka chamawa udzajambula ena, iye n'kumaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa kwambiri. Anabereka ana, anaika mwamuna wake m'manda, anayamba kunyamula zidzukulu, koma panalibe khoma ngakhale limodzi limene akanaloza n'kunena kuti ilo ndinajambula chaka chatha.

Akapita kumsika wa pamsewu waukulu, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Hara, ankachedwa osati chifukwa cha miseche ayi, koma makoma. Pa shopu yometera panali mitu ya anyamata yometedwa mosiyanasiyana. Pa butchala panali ng'ombe ya miyendo yaifupi yomwe ana ankati ndi nkhumba. Anyamata a kabaza nawo sankasiya khoma loyera kuti ligone mwamtendere, ankalembapo ndi makala mayina a matimu awo ndi a zibwenzi zawo. Anthu ankati kumeneko n'kuwononga, koma Yunike ankaima n'kumawerenga zonse, uku akuweruza chamumtima kuti uyu dzanja lake ndi labwino, uyu angopita akalime. Za makalazo ankazimvera chisoni chifukwa zinkafufutika ngati zake. Za penti ndiye ankazichitira kaduka, osabisa.

Pamsika pomwepo panali shopu ya Che Zubairi, Msilamu wa ku Mangochi amene anabwera kalekale kudzagula mpunga n'kukhazikika. Iye ndi mkazi wake Husna ankagulitsa shuga, sopo ndi mafuta kutsogolo, n'kumagona m'zipinda zakuseri. Khoma lawo lam'mbali linali lalitali, lapulasitala, loyang'ana kumsewu, ndipo anyamata aja ankalikonda koopsa. Husna anali atatopa nako kulikwecha. Tsiku lina anapita ku Vinthukutu kukagula nkhuku, n'kuona nyumba ya Yunike ili maluwa kuyambira pansi mpaka kudenga. Nkhuku anaiwala.

Anacheza ndi Yunike m'Chichewa, cha wina chokokera ku Chiyao, cha wina chokokera ku Chitumbuka, koma anamvana bwinobwino. Husna anati khoma likakongola mwina anyamatawo achita nalo manyazi. Anagula zitini za penti, mabulashi ndi palafini wotsukira, n'kumuuza Yunike kuti awakongoletsere monga anachitira kwawo. Atatero iye ndi mwamuna wake anatseka shopu n'kukwera basi ya ku Mangochi, kumene kunali ukwati wa m'bale wawo.

Yunike atatsegula chitini choyamba anachinunkhiza kaye, mutu n'kuchita waa. Anaviika chala, n'kupeza kuti madzi sakuchotsa. Apa ndiye mtima unamukwera. Maluwa? Maluwa ndi a dothi, oti afe ndi mvula. Penti wosafayu ngwoyenera anthu. Anaganiza zojambula amayi a m'sikimu, anzake omwe anakhala akuwokera nawo mpunga kuyambira ali atsikana, ataima mondondozana, mitolo ya mpunga ili m'manja, akumwetulira aliyense wodutsa pamsewu. Sanafunse munthu. Akanafunsanji? Kwawo nkhope zinali paliponse, pa kalendala, kutchalitchi, ngakhale pa zitenje zomwe ankavala.

Nkhope zinamuvuta, tisanamizane. Bulashi inkaterereka, penti ankatsika ngati misozi. Lettie, mnzake wonenepa wolima puloti yoyandikana ndi yake, atabwera kudzaona anati mphuno imeneyo si yake, kaya waibwereka kwa ndani. Tusekile, wa Chinkhonde wokwatiwa kuno, anati maso amene wamupatsawo ndi a munthu woti waponda njoka. Komabe anthu ankaima, ankaloza, ankaseka, ndipo Yunike ankabwerera kwawo madzulo aliwonse zala zili mbuu ndi penti, akuyenda ngati mtsikana.

Eni khoma atatsika basi, Husna anangogwira pakamwa. Che Zubairi anaima akuyang'ana khomalo, chikwama chili m'manja. Sanakalipe, sanali munthu wotero. Anamuitanira Yunike pakhonde, anamupatsa mpando ndi tiyi, kenaka analankhula motsitsa mawu.

"Amayi, dzanja lanu ndi labwino, sindikukana. Koma kuseri kwa khomali ndi kumene timagona, ndi kumene timaswali. Ife nkhope za anthu, za maso oyang'ana chonchi, sitiika pa nyumba yathu. Lachisanu anzanga akamachokera kumzikiti amadzakhala pakhonde pompano. Lisanafike tsikulo ndipakapo penti woyera."

Husna anayesa kupepesa, anati cholakwa ndi chake, iye ankaganiza za maluwa ndipo sanaganize zoti afotokoze. Yunike tiyi uja sanamumalize. Anali ndi manyazi kuti wakalamba pakati pa anthu amenewa osadziwa mwambo wawo, komanso anali ndi mkwiyo wopanda poutula, chifukwa bamboyo sanalakwe chilichonse. Mvula ankaikhululukira, ilibe maso. Koma kuti ntchito yake yoyamba ya penti ifufutidwe ndi penti mnzake, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse a pamsika akuonerera, zimenezo zinamuwawa koposa. Anangoti yewo, n'kunyamuka.

Sanafune kudutsa pamsika, choncho anadzera njira ya m'sikimu, yotsata ngalande. Inali nyengo yowokera mpunga wa m'chilimwe, ndipo mapuloti onse anali amayi okhaokha, atawerama m'madzi, mitu ili pansi. Ngakhale mtima ukuwawa, munthu sudutsa anzako osapereka moni. Anayamba kuitana mmodzimmodzi. Monire NyaMsiska. Mwatandala uli Lettie. Tusekile, mwana wachira? Onse ankayankha osadzuka, manja ali m'matope. Anapitirira puloti ina, inanso, akutchula mayina, osaphonya ndi mmodzi yemwe.

Kenaka anaima chilili. Anali atalonjera anthu onsewo osaona nkhope ya munthu ngakhale mmodzi. Lettie anamudziwira msana waukulu uja ndi chitenje chofwifwa chomwe amamangira pamwamba kwambiri. Tusekile anamudziwira phewa lakumanzere lotsika ndi duku lomangira cham'mbali. NyaMsiska amawerama miyendo ili tang'a, zigongono zili kunja. Kodi ku Hara kuno alipo amene amadziwa mnzake ndi mphuno? Anthu a kuno amakula akuonana misana. Anatembenuka, ndipo ulendo wobwerera kumsika anayenda mothamanga moti wa kabaza wina anafunsa ngati kwagwa zovuta.

Che Zubairi anali akukonza katundu m'mashelefu. Yunike sanafotokoze zambiri, anangopempha kuti amusiyire khomalo mpaka Lachinayi madzulo, ndipo likapanda kuwasangalatsa, penti woyerayo apaka yekha ndi manja ake. Bamboyo anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anamuyang'ana ndi maso aja amene amuna okwatira amawadziwa, ndipo anavomera.

M'mawa mwake anthu anapeza Yunike akufufuta yekha nkhope zija ndi penti wobiriwira. Ena anamumvera chisoni, ena anaseka, akuti gogo wagonja. Iye anangopitiriza kupaka. Pomwe panali mitu panasanduka mpunga ndi mapiri a kumadzulo. Matupi aja anawapinda mmodzimmodzi, kuwaweramitsa, kuika mapazi m'madzi. Bulashi ikamuchedwetsa ankaiponya pansi n'kugwiritsa chala ndi kansanza monga kwawo, ndipo maluwa ake akale aja anapeza malo pa zitenje za amayiwo. Dzuwa la ku Karonga linamuwotcha khosi, msana unamuphwanya, chakudya ankachita kumukakamiza Husna.

Woyamba kuzindikira anali mwamuna wa Lettie, yemwe ankadutsa ndi ng'ombe zake zapangolo. Anaimitsa ngolo pakati pa njira n'kuyamba kuuza aliyense kuti uyo ndi mkazi wake, angalumbire pamaso pa abusa. Anthu anaunjikana. Panalibenso wonena kuti sakufanana, mkangano unali woti uyu ndani, uyo ndani, ndipo ana ndi amene ankapambana chifukwa misana ya amayi awo anakulirapo. Tusekile anabwera matope ali m'miyendo, anayang'ana phewa lotsika lija, anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anayamba kupukuta m'maso. Anati sankadziwa kuti anthu amamuona akamagwira ntchito. Maminibasi ankachepetsa liwiro, apaulendo n'kumajambula ndi mafoni. Anyamata a kabaza anagwirizana okha kuti wopezeka ndi khala pafupi ndi khomali aona zakuda.

Koma onsewo sanali eni khoma. Che Zubairi masiku onsewo sanasuzumireko n'komwe, ankalowa ndi kutuluka khomo lakutsogolo. Lachinayi dzuwa litapendeka anatulukira, chitini cha penti woyera chili kudzanja lina, bulashi yaikulu kudzanja lina. Anthu anapatuka, phokoso lonse linatha. Yunike anaima pambali manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu, ndipo mantha anali nawo ndithu.

Bamboyo anayambira kumapeto kwa khoma, akuyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana mutu uliwonse. Ankafuna diso, sanalipeze. Panali maduku, makosi, misana, madzi ndi mpunga basi. Atafika pakati anaima, analoza ndi bulashi ija n'kunena chapansipansi kuti awa ndi Mayi Tusekile, amene amandigulitsa mpunga wouma bwino. Anapitirira. Kumapeto kwenikweni, m'mphepete mwa ngalande, panali mayi mmodzi woimirira chofulatira, wofunda mpango wautali wabuluu wofika m'chiuno, beseni lili pambali, akuyang'ana olimawo. Ankaimira mwendo umodzi, winawo ataupinda pang'ono, monga amaimira munthu wina akamadikira kuti amuyezere mpunga.

Che Zubairi anayang'ana chithunzicho, anatembenuka kuyang'ana Husna yemwe anali pakhonde ataimira mwendo umodzi, ndipo kuseka kunamuphulika. Anaika chitini pansi.

"Mkazi wanga mwamuimika yekhayekha pagulu. Nanga ine ndili kuti?"

Yunike anangoloza kampata koyera komwe kanatsala pambali pa mpango wabuluuwo. Bamboyo anapereka bulashi yake kwa Husna, anakonza kofiya kumutu, anakoka mkanjo wake kuti uwongoke, kenaka pamaso pa msika wonse anamufulatira Yunike n'kuima njo, manja atawagwirizira kumbuyo. Amayi anayamba nthungululu, a kabaza akuliza mabelu a njinga zawo. Yunike anali wosangalala moti misozi inkamutchinga m'maso, anachita kupukuta ndi nsonga ya chitenje kuti aone bwino khosi ndi mapewa a munthuyo.

"Musagwedezeke, Che Zubairi," anatero, n'kuviika bulashi m'chitini.